Kusintha Mpopi wa M'khitchini Osalimbana Nawo: Mafunso ndi Mayankho

M'nyumba ya madzi a m'mipopi, palibe mpopi wogwira ntchito yolemetsa kuposa wa pa sinki ya m'khitchini. Umatsegulidwa m'bandakucha potereka madzi a tiyi, masana potsuka ndiwo, usiku potsuka mbale ndi mapoto, ndipo manja ougwira amakhala a sopo, a mafuta, othamangira zina. N'chifukwa chake ndiwo umayamba kufooka. Ukafooka, ambiri amangoukulunga ndi mphira wa chubu n'kumadikira tsiku lopeza ndalama ya pulambala, chonsecho ntchitoyi munthu wamba atha kuigwira yekha dzuwa lisanafike pamutu. Kupepuka kwake kumachokera pa zimene mwachita musanagwire sipanala, ndipo malo ambiri amene anthu amaonongapo zinthu ndi amene anagwiritsapo mphamvu zosafunika.

Kodi mpopi ukayamba kudontha ndiye kuti watha ntchito?

Kawirikawiri ayi. Yambani mwaona kumene madziwo akuchokera. Mpopi wachikale, wozunguza kangapo potseka, uli ndi kamphira kozungulira m'kati, kamene timati wosha. Mukamatseka, kachitsulo kam'kati kamatsika n'kukanikiza woshayo pa kabowo kodzera madzi. Wosha ikaperepeseka, madzi amapeza mpata n'kumadontha kukamwa kwa mpopi ngakhale mutseke motani. Apa mukungofunika wosha yatsopano ya hafu inchi, yomwe mtengo wake sufika pa wa buledi. Mumatseka madzi, kuchotsa chogwirira, kumasula mutu wa mpopi ndi sipanala, n'kusintha kamphirako.

Mipopi yamakono, yotseka mukangopotoza pang'ono kapena yokhala ndi chogwirira chimodzi chokweza ndi kutsitsa, ilibe wosha yotere. M'kati mwake muli katiriji yokhala ndi timbale tiwiri tosalala kwambiri ta seramiki. Kamchenga kakalowa pakati pa timbaleto n'kutikanda, mpopi umayamba kudontha, ndipo mankhwala ake n'kusintha katiriji yonse. Katiriji za mipopi ya chogwirira chimodzi zimapezeka kwambiri za mamilimita 35 ndi 40, choncho pitani nayo yakaleyo kusitolo. Madzi akamatuluka patsinde pa khosi lozungulira la mpopi, ndiye kuti tamphira tozungulira ta pakhosipo tatha.

Mpopi wonse umafunika kusinthidwa thupi lake likang'aluka, mazinga ake akatha, pamene pamakhala wosha pakadyeka moti wosha yatsopano ikutha pa sabata zochepa, kapena katiriji yake ikasowa m'masitolo.

Madontho okha, n'kutayirapo ndalama ndi tsiku lonse?

Yezani nokha. Tcherani kapu ya mamililita 250 pansi pa mpopiwo n'kuyang'ana wotchi. Ikadzaza pa mphindi 10, ndiye kuti pa ola mukutaya lita imodzi ndi theka, pa tsiku malita 36, pa mwezi malita oposa 1,000. Amene ali ndi mita yogula mayunitsi amaziona msanga, chifukwa madzi amatha tsiku lake lisanakwane.

Madzi amenewa amachokeranso kutali. Ambiri mwa madzi amene amamwedwa mu Blantyre amatapidwa mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amapopedwa ndi magetsi kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. A mu Lilongwe amasungidwa ku madamu a Kamuzu ku Malingunde. Zimandiwawa kuona madzi oyenda ulendo wotere akuthera m'ngalande usiku wonse pomwe mtunda pang'ono chabe amayi akudzuka 3 koloko kukaima pamzere ndi zigubu. Kudontha kwa pansi pa sinki nako kuli ndi mtengo wake: matabwa a kabati amafufuma n'kuyamba kuyoyoka, fungo la chinyontho silichoka, ndipo mphemvu zimapeza mudzi.

Ndatsimikiza zogula watsopano. Ndione chiyani ndisanapite ku hadiweya?

Tulutsani zonse za m'kabati ya pansi pa sinki, gwadani, muunike ndi tochi ya foni, mujambule zithunzi zingapo. Mphindi zisanu zimenezi zimapulumutsa maulendo a minibasi. Onani kuti sinkiyo ili ndi mabowo angati. Bowo limodzi, lomwe nthawi zambiri limakhala la mamilimita 35, ndi la mikisa, mpopi umodzi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Mabowo awiri ang'onoang'ono ndi a mipopi iwiri yoima payokha. Ngati sinki ilibe bowo ndipo mpopi ukuchokera m'khoma, mukufuna mpopi wa pakhoma, ndipo nkhani yake ndi ina. Onaninso kuti mpopi wakale walumikizidwa ndi chiyani: mapaipi ofewa okutidwa ndi waya wolukidwa, amene mapulambala amati mafulekisi, kapena paipi yolimba yofika mpaka pa mpopi.

Kenako imani muone kumtunda. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazikumbukira mpopi atamanga kale. Choyamba ndi zenera: ngati limatsegukira m'kati, mpopi wa khosi lalitali udzalitchinga. Chachiwiri ndi mphika wanu waukulu kapena ndowa imene mumatungira madzi akakhala kuti avuta. Iikeni mu sinki n'kuyeza kutalika kwake, kuti khosi la mpopi lidutse pamwamba pake. Kukamwa kwa mpopi kufike chapakati pa sinki. Kukafupika, madzi amamenya m'mbali n'kumathovukira kukhoma.

Mipopi yonse kusitolo imanyezimira mofanana. Wabwino ndimudziwa bwanji?

Unyamuleni. Mpopi wabwino umapangidwa ndi bulasi n'kukutidwa ndi chonyezimiracho pamwamba, ndipo umalemera m'manja. Wotchipa kwambiri umakhala wa chitsulo chosakaniza cha zinki, chopepuka ndiponso chosachedwa kuthyoka. Suzumirani m'kati mwa mazinga, kumene chonyezimira sichinafike: bulasi amaoneka wachikasu, pomwe zinki amaoneka wotuwa. Zinki amadyeka ndi madzi pang'onopang'ono, ndipo malo amene amakonda kudukira ndi pamazinga penipeni, chidutswa n'kutsalira m'kati mwa paipi.

Mipopi ya Cobra ya ku South Africa inazolowereka m'dera lathu lino kwa zaka zambiri, ndipo chimene mapulambala amaikondera n'choti masipeya ake amapezeka. Koma dzina lodindidwa pa chogwirira si umboni pa lokha, pakuti zinthu zotengera mayina a ena zilipo pamsika. Funso limene ine ndimaliona lothandiza kwambiri n'lakuti, "Achimwene, katiriji ya mpopi umenewu muli nayo?" Akaitulutsa n'kukuonetsani, gulani mtima uli m'malo. Akayankha kuti, "Bwana, umenewu sufa," yang'anani wina. Musanachoke pa kauntala tsegulani bokosi muone ngati muli zonse: mafulekisi awiri, bauti yaitali ndi nati yake, kachitsulo kopindika ndi mphira wake zogwirira kunsi, ndi mphira wozungulira wa patsinde.

M'bale wanga ali kunja akufuna kunditumizira mpopi. Udzakwana?

Zitengera dziko limene ali. Mapaipi a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa amatsata muyeso wa mazinga wa ku Britain wotchedwa BSP, umene unachokera pa mazinga amene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841, opendekera madigiri 55. Mpopi wogulidwa ku Johannesburg kapena ku Manchester umalumikizika kuno mosavuta. Ku America ndi Canada amatsata muyeso wina, NPT, wa madigiri 60, ndipo mipopi yawo ya m'khitchini imabwera ndi mapaipi a timanati ting'onoting'ono tosagwirizana ndi zathu. Mazinga a mitundu iwiriyi amanyenga: amalowana kawiri kapena katatu, munthu n'kuganiza kuti zatheka, kenako amalimba asanafike ndipo madzi amachucha. Mukakakamiza, mwaononga mbali zonse ziwiri.

Poyeza, musadabwe kuona kuti mazinga a hafu inchi ndi otambalala pafupifupi mamilimita 21 kunja kwake, ndipo a makota atatu a inchi ndi pafupifupi 26. Mipopi ya pa sinki pafupifupi yonse ndi ya hafu inchi.

Kwathu madzi amachokera mu thanki ya pamwamba. Mpopi uliwonse ungachite?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagula mpopi wokongola n'kukhumudwa nawo. Mphamvu ya madzi a mu thanki imachokera pa kutalika kwa pamene thankiyo yakhala. Mamita 10 alionse amapereka pafupifupi bar imodzi. Thanki yokhala mamita 3 pamwamba pa mpopi imapereka 0.3 bar basi. Mamikisa ambiri amakono ali ndi tinjira topapatiza m'kati ndipo anapangidwira madzi amphamvu, bar imodzi kapena kuposa. Mukauika pa thanki yotsika, poto wa nsima mudzamudikira mpaka moto kuzilala. Werengani pabokosi mphamvu yochepetsetsa imene mpopiwo umafuna, kapena sankhani mpopi wamba wa njira yotakasuka.

Vuto lina limabuka madzi ozizira akamachokera ku mita ali amphamvu, pomwe otentha akuchokera mu giza ya dzuwa ya padenga yopanda mphamvu. Mu mikisa, ozizira amagonjetsa otentha, mwinanso kuwabweza mpaka thanki ya padenga kusefukira. Nyumba yotere imayenda bwino ndi mipopi iwiri yosiyana, kapena mbali zonse ziwiri zizichokera mu thanki imodzi.

Ndikonzekere zida zanji?

Shifting'i imodzi yabwino, ndipo ziwiri zingapose; pulaya; sikuludiraiva; thread tape; ndowa kapena beseni; nsanza zouma; tochi. Yalani katoni kapena thumba pansi, ndipo ikani pilo wakale pamphepete pa kabati, chifukwa mphepeteyo imalasa msana ndipo munthu womva kuwawa amafulumira pamene sayenera kufulumira. Valani magalasi alionse, poti dzimbiri limagwera m'maso mukagona chagada.

Chida chimodzi chimasintha ntchito yonse. Nati yogwira mpopi imakhala m'kampata ka pakati pa khoma ndi mimba ya sinki, momwe shifting'i imalowa koma osapeza malo otembenukira. Basin wrench ndi kandodo kachitsulo kotalika pafupifupi phazi limodzi, kokhala ndi kansagwada kopindika kumapeto. Kansagwadako kamaluma nati kumtunda uko, inu mukuzunguza muli pansi pomwe pali malo. Kwa mikisa ya bauti yaitali, sipanala ya chibowo, yooneka mwa kapaipi, imalowa m'bautiyo n'kugwira nati bwinobwino. Mipopi ina imabwera nayo m'bokosi. Ngati simungagule, bwerekani kwa pulambala wa m'dera lanu, ngakhale mutam'patsa ya sopo.

Madzi ndiwatseke pati?

Ngati pansi pa sinki pali timavavu ting'onoting'ono pamene mafulekisi ayambira, timene amati angle valve, tsekani pomwepo, nyumba yonse ikhalabe ndi madzi. Ngati palibe, pitani ku vavu ya pafupi ndi mita, ya mbali ya kunyumba kwanu. Mita yeniyeniyo ndi chidindo chake ndi za a Water Board, musazikhudze. Mukatseka, tsegulani mpopi wa m'khitchini ndi wina wa panja kuti madzi otsalira m'mapaipi atuluke, ndipo dikirani muone kuti aleka ndithu. Vavu yokhalitsa osagwidwa nthawi zina imazungulira koma osatseka kwenikweni, ndipo ndi bwino kuzidziwa mpopi usanamasulidwe.

Chenjezo lalikulu ndi ili: musagwire ntchitoyi podalira kuti lero madzi asiya. Madzi a Board amabwera osagogoda. Anthu amamasula mpopi masana mipopi ili gwa, n'kupita ku hadiweya kukasaka nati, pobwera n'kupeza madzi akutulukira pakhomo. Tsekani vavu ngakhale kutauma chotani.

Ngati muli ndi giza ya magetsi, izimitseni pa bokosi la maswitchi musanatseke madzi, chifukwa elementi ikayaka popanda madzi imapsa pa kanthawi kochepa. Samalaninso ndi madzi otentha otsalira m'paipi. Tungiranitu madzi ophikira ndi a kuchimbudzi, ndipo yambani m'mawa tsiku limene masitolo ali otsegula. Ntchito ya mipopi yoyambidwa Lamulungu madzulo imagoneka banja lopanda madzi chifukwa cha kamphira kamodzi.

Mpopi wakale wakaniratu kumasuka. Nditani?

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Kumanga mpopi watsopano n'kwa mphindi zochepa. Chimene chimadya nthawi ndi nati yomwe yakhala zaka zambiri ikunyowa ndi madzi a sopo mpaka kugwirana ndi bauti yake.

Yambani ndi kumasula mafulekisi, beseni lili pansi. Pomasula kumene fulekisi yakumana ndi paipi ya nyumba, gwiritsani masipanala awiri: imodzi igwire vavu kapena paipi kuti isatembenuke, inayo izunguze nati. Mukazunguza ndi imodzi yokha, mphamvu yonse imapita ku joini ya m'khoma, ndipo mutha kuyambitsa kuchucha kumene simungakuone mpaka penti atayamba kutukumuka.

Kenako pukutani nati ya mpopi ndi burashi ya waya kapena sitiliwulu, muipopere mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, n'kuisiya. Musaime pomwepo kuiyang'anira. Pitani mukamwe tiyi, mubwere patapita theka la ola, mupoperenso. Amene amaganiziratu amapopera usiku, ntchito n'kugwira m'mawa. Gogodani natiyo pang'onopang'ono m'mbali ndi sipanala kuti dzimbiri lisweke. Njira ina imene mapulambala amagwiritsa ntchito ndi kuyamba kuimanga pang'ono, kachidutswa chabe, musanaimasule. Kugwedezeka kumeneko kumathyola chimene chagwira.

Onetsetsani kuti mukuzunguza koyenera. Mukagona chagada n'kuyang'ana natiyo kuchokera pansi, imamasuka mozungulira mobwerera, mosemphana ndi mivi ya wotchi. Amene amagwada n'kungopisa mkono osaona amasokonezeka, n'kumalimbitsa nati akuganiza kuti akumasula. Pakhalenso wina kumtunda wogwira mpopi kuti usazungulire limodzi ndi nati. Mwana wamkulu atha kuthandiza, ndipo adzakhala ataphunzirapo kanthu.

Zonsezi zikakanika, kumbukirani kuti mpopi wakalewo mukuutaya, choncho palibe chifukwa chouchitira ulemu. Tengani mpeni wa hakiso, muukulunge nsanza mbali imodzi, mucheke natiyo m'mbali mpaka itatsala pang'ono kuduka, kenako muikanule ndi sikuludiraiva. Nati ya pulasitiki imasweka mosavuta ndi tchizulo. Ngati sinki ndi yongokhazika pa kabati, nthawi zina chachidule n'kumasula paipi yotaya madzi, kunyamula sinki yonse, n'kuitembenuza pabwalo pomwe pali kuwala ndi malo. Moto wokha musayese. M'kabati ya matabwa, pafupi ndi mafuta amene mwapopera ndi mapaipi a pulasitiki, lawi ndi ngozi.

Mpopi ukachoka, tsukani pabowopo. Pamakhala chikhakha choyera cha mchere wa m'madzi ndi litsiro. Nsanza yoviika mu viniga ikakhalapo kanthawi, chimachoka. Mphira watsopano sungagwire pamalo a tokhotokho.

Tsono watsopanoyu ndimuyambe pati?

Patebulo, osati pansi pa sinki. Chilichonse chimene mungamange mutaima, mangiranitu. Lowetsani mafulekisi awiri kunsi kwa mpopi ndi manja okha mpaka atalimba. Kumapeto kwake kuli tamphira tozungulira timene timatseka madzi, ndipo sipafunika tepi kapena sipanala. Mangani bauti yaitali ija, ikani mphira wa patsinde m'malo mwake. Ikani chizindikiro pa fulekisi ya madzi otentha, kaya ndi kachingwe, kuti mukakhala pansi musasokoneze. Mwambo wa mipopi ndi wakuti otentha amakhala kumanzere, ozizira kumanja, ndipo ndi bwino kuusunga chifukwa mlendo kapena mwana amatsegula mwachizolowezi.

Lowetsani mafulekisi m'bowo imodziimodzi, pakuti manati ake awiri sadutsa limodzi. Kunsi, lowetsani mphira, kenako kachitsulo kopindika, kenako nati. Mangani ndi zala, wa kumtunda aongole mpopi kuti uyang'ane kutsogolo ndipo chogwirira chisagunde khoma, ndiyeno mulimbitse ndi chida. Ngati mukusinthanso sinki, mangani mpopi ndi zonse sinkiyo isanakhazikidwe, ndipo simudzagona pansi n'komwe.

Musanalumikize mafulekisi ku mapaipi a nyumba, lozetsani paipi mu ndowa n'kutsegula madzi pang'ono. Mudzaona zimene zimatuluka: mchenga, tizidutswa ta dzimbiri, nyenyeswa za tepi yakale. Zimenezi zikalowa mu katiriji yatsopano tsiku loyamba, mpopi umayamba kudontha mwezi usanathe, munthu n'kumanena kuti anam'gulitsa wachinyengo.

Polumikiza, yambani ndi zala. Nati ikalimba mutangoizunguza kamodzi, yapingasa, bwezani muyambirenso. Ikalowa bwino mpaka pamapeto, onjezani ndi sipanala gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira, basi. M'kati mwa natiyo muli wosha ya mphira, ndipo mukaifinya mopitirira imatulukira m'mbali ngati nsima yofinyidwa m'chikhatho, madzi n'kupeza njira. Fulekisi isapotoke, isapindike mothyoka, ndipo isakokeke. Ikafupika gulani yaitali. Mafulekisi akale musawabwezeretse ngakhale akuoneka abwino, makamaka ngati waya wake wayamba dzimbiri, chifukwa akaphulika amaphulika nthawi imodzi.

Ndipo poti madzi mwatseka kale, ino ndiyo nthawi yoika ma angle valve awiri ngati panalibe. Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndicho ndingakukakamizeni. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya mpopi, ndipo kuyambira tsiku limenelo kusintha wosha, katiriji kapena mpopi wonse sikudzafunanso kutseka madzi a nyumba yonse.

Nanga thread tape ndiyikulunge paliponse pamene pali mazinga?

Ayi. Tepi yoyerayi ndi ya pulasitiki yotchedwa PTFE, imene Roy Plunkett anaitulukira mu 1938 akugwira ntchito ku kampani ya DuPont ku America. Ntchito yake ndi kudzaza timipata ta pakati pa mazinga pamalo pomwe mazingawo ndiwo akutseka madzi, monga pamene angle valve kapena mpopi wa pakhoma ukulowa mu soketi. Pamene pali wosha ya mphira, monga pa manati a fulekisi, tepi siyithandiza. Imalepheretsa nati kufika pa wosha, ndiye imabweretsa kuchucha kumene mumafuna kupewa.

Pokulunga, lozetsani mazinga kwa inu n'kukulunga motsata mivi ya wotchi, kuti pomanga tepiyo izikanirira m'malo mosomphoka. Siyani mzere woyamba wa mazinga poyera kuti nyenyeswa zisalowe m'madzi. Kokani tepi kuti ilowe m'mizere, ndipo ngati ndi yopyapyala ija yotchipa, zungulizani maulendo 8 mpaka 12. Mukamanga n'kubweza m'mbuyo, tepi yaonongeka; chotsani yonse muyambirenso. Mapepala a jumbo amene ena amang'amba n'kukulunga amagwira masiku ochepa chabe.

Wanga ndi wa pakhoma. Pali kusiyana?

Mbali ina ndi wosavuta, chifukwa zonse zili poyera: mumazunguza mpopi wonse mobwerera mpaka utachoka, kutsuka mazinga a soketi, kukulunga tepi pa watsopano, n'kumanga. Kutani mpopi ndi nsanza pamene sipanala ikugwira kuti chonyezimira chisakalike. Chovuta n'choti mpopi ulimbe utayang'ana pansi. Ukalimba utapendekeka, musaukakamize kuti umalize kuzungulira, ndiponso musaubweze. Uchotseni, musinthe kuchuluka kwa tepi, muyesenso. Kawiri kapena katatu zimatheka.

Ngozi ili m'nyumba zakale za mapaipi achitsulo a galavanaizi. Paipi yotere imadyeka m'kati, ndipo mukakoka mwamphamvu imatha kuthyokera m'khoma. Ngati soketi ikuonekera, igwireni ndi sipanala ina. Mpopi ukadukira m'kati, pali kachida kotchedwa extractor kamene kamaluma chidutswacho m'kati n'kuchitulutsa. Popanda iko, chekani chidutswacho m'kati ndi mpeni wa hakiso malo awiri, mosamala kuti musafike pa mazinga a soketi, n'kuchikanula.

Mikisa ya pakhoma imakhala ndi malo awiri olumikizira otalikirana mamilimita 150, ndipo imabwera ndi tizitsulo tiwiri tokhota tothandiza ngati mapaipi a m'khoma sanatalikirane ndendende. Ikani levulo pamwamba musanalimbitse.

Ndamanga, koma mpopi ukugwedera ndikaugwira.

Nthawi zambiri wolakwa ndi sinki. Masinki otchipa ndi a chitsulo chopyapyala chimene chimanepa ndi kulemera kwa mpopi wa khosi lalitali, ndipo kulimbitsa nati kumangochipinda. Mipopi ina imabwera ndi kapulasitiki ka makona atatu koika kunsi kuti kulemerako kufalikire. Ngati mulibe, dulani kathabwa ka pulayiwudi, mukaboole, mukapake penti kapena vanishi kuti kasaole, n'kukaika pakati pa sinki ndi kachitsulo kogwirira.

Ndidziwa bwanji kuti ntchito yatheka?

Masulani kasefa ka kukamwa kwa mpopi, tsegulani mpopiwo, ndiyeno tsegulani vavu pang'onopang'ono. Mpopi udzatsokomola mpweya ndi madzi ofiirira kwa kanthawi. Asiyeni ayende mpaka atayera, mbali yozizira ndi yotentha yomwe, kenako bwezerani kasefa. Giza muiyatse pokhapokha madzi a mbali yotentha akuyenda mosadukiza.

Tsekani mpopi, pukutani majoini onse, n'kukulunga pepala la kuchimbudzi louma pa joini iliyonse. Chala chonyowa kale chimanama, koma pepala limaonetsa ngakhale kadontho kamodzi. Yalani nyuzipepala pansi pa kabati ndipo muione m'mawa mwake, chifukwa mphamvu ya madzi a Board imakwera usiku anthu akagona, ndipo joini yooneka youma masana itha kuyamba kulira pakati pa usiku. Mukhozanso kutseka mipopi yonse ya m'nyumba n'kuyang'ana mita: ikamayendabe, penapake pakutuluka madzi.

Ngati madzi akutuluka ochepa, onani kasefa, onani ngati fulekisi yapindika, onani ngati vavu yatseguka yonse. Kumene madzi amasiyasiya, kasefaka kamadzaza mchenga nthawi iliyonse akabweranso, choncho kazolowereni kukatsuka ndi mswachi wakale.

Ndi liti pamene ndiyenera kungoitana pulambala?

Vavu ya pa mita ikakana kutseka, paipi ikaduka kapena kuchucha m'khoma, kapena mukafuna kusuntha mapaipi. Mapaipi obiriwira a PPR amalumikizidwa ndi makina otenthetsa, ndipo a kopa amafuna luso lawolawo. Kuboola bowo latsopano pa sinki kapena pa mwala wa granite nakonso kumafuna zida zimene munthu sagula chifukwa cha bowo limodzi. Mukaona waya wa magetsi wobiriwira ndi wachikasu womangiriridwa pa paipi yachitsulo kapena pa sinki, musauchotse, ndi woteteza ku shoko. Ndipo ngati mpopi umakugwirani mukaukhudza, zimitsani magetsi n'kuitana wa zamagetsi musanachite china chilichonse.

Ngati nyumba ndi ya lendi, kambiranani ndi alandilodi musanagule kanthu, mugwirizane ngati ndalamayo idzachotsedwe pa lendi, ndipo sungani lisiti ndi mpopi wakale kuti mudzawaonetse. Poitana pulambala, gwirizanani mtengo wa ntchito asanayambe, zipangizo mukagule limodzi kapena mugule nokha, ndipo mum'pemphe kuti aike ma angle valve ndi mafulekisi atsopano pa ulendo womwewo.